Mudzi Umene Tinamangira Nsomba

M'kachitini momwe ndimasungira singano ndi mabatani muli kachidutswa ka patapata wabuluu, kakang'ono ngati chala chachikulu, kobooledwa pakati. Ana anga akhala akufuna kukataya kangapo konse. Ine ndimangoti, "Mukakhudze kameneko, muone." Sadziwa kuti kanthu kameneka kanayandamapo pa damu la pa esiteti ina ya fodya cha ku Kachebere, chaka chimene ndinali mu Sitandade 4.

Tinali matenanti. Kapena ndinene bwino, tenanti anali amalume, mlongo wawo wa amayi, ife tinali manja awo. Bambo anatisiya ine ndili kumsana, ndipo amalume, amene analibe banja, anatitenga kwathu ku Phalombe kuti tizithandizana pa fodya. Moyo wa tenanti ndi wa chaka chimodzi chimodzi. Fodya akapita ku msika, mwini esiteti ndiye amanena wotsala ndi wopita. Ndisanafike ku Kachebere ndinali nditakhalapo kale pa maesiteti ena, ndipo sindinamalizepo kalasi pa sukulu imene ndinayambira. Amayi anali ndi mawu awo amene ndinkadana nawo koopsa. Ndikadya bango n'kufuna kukwirira njere yake kuseri kwa nyumba, ankati, "Taya uko. Tenanti sabzala mango."

Koma ku Kachebere mtima wanga unakhazikika. Aphunzitsi athu ankandiitana ndi dzina langa, osati "iwe wa ku esiteti" monga ankachitira kwina. Tsiku lina atandimva ndikuimba posesa anandiuza kuti chaka chamawa ndizidzayambitsa nyimbo pa asembule. Abale inu, mawu amenewo ndinkagona nawo, kudzuka nawo. Chimene ndinkafuna pa dziko lonse lapansi chinali chimodzi: kuti tisasamuke.

Mvula inatha, Meyi analowa. Fodya anali m'zigafa, ntchito yotsala inali yosankha ndi kumanga, ndipo fungo lake linkatikanirira m'zovala mpaka ku tchalitchi. M'mawa nkhungu inkagona pa damu, mame ankaluma zala za kumapazi. Anyamata a pa esiteti anali atapachika mbedza zawo. Ankati nsomba zathawa kuzizira, zatsikira pansi. Ndiwo zinali mfutso lero, mfutso mawa, mpaka m'kamwa kuchita kuuma.

Amalume anakulira ku nyanja ya Chilwa ndipo anali msodzi mpaka m'mafupa. Fodya ankamulima ngati munthu womwa mankhwala owawa. Lamlungu lina titaweruka ku tchalitchi anadula nsungwi ziwiri, n'kutenga patapata wa amayi amene anaduka lamba, n'kuchekapo tizidutswa toyandama. Nditanyamula nsungwi yanga amayi anagwira pakamwa.

"Achimwene, mwana wamkazi ndi mbedza? Anthu atiyesa chiyani?"

"Nsomba sifunsa, achemwali," anatero amalume, ndipo tinanyamuka.

Pafupi ndi khoma la damu panali mkuyu waukulu, ndipo patsogolo pake panali malo amene anyamata ankawatcha pa Chidyambedza. Aliyense woponya pamenepo ankabwerera ndi ulusi wokha. Ena ankati pansi pali chinjoka. Amalume atamva zimenezo maso awo anawala, n'kuponya pomwepo dala. Mbedza inakodwa monga mwa nthawi zonse. Iwo sanakoke mwamphamvu, anangonyengerera pang'onopang'ono, mpaka panatuluka nthambi yakuda bii, yoterera ndi ndere. Pa nthambiyo panali mphira wa tchubu cha njinga, womangidwa mfundo.

Anaiyang'ana mfundoyo nthawi yaitali, kenako anaseka chiseko chimene sindinachimvepo m'munda wa fodya.

"Pano padapita munthu wa kwathu," anatero.

Anandifotokozera kuti nthambi sizidzimanga zokha. Asodzi ena amamanga mitolo ya nthambi, kumangirirako miyala, n'kuimiza pamalo akuya. Ndere zimamera, tinsomba timabisalamo, zazikulu zimatsatira, ndipo kukazizira zonse zimaunjikana momwemo ngati anthu pamoto. Iwo ankati umenewo ndi mudzi wa nsomba. Anyamata aja ankalakwitsa chinthu chimodzi, kutsitsa mbedza mpaka m'nthambi. Amalume anayeza ulusi ndi mkono wawo, n'kusuntha kapatapata kaja kuti nyongolotsi izilendewera pamwamba pa denga la mudziwo.

Nsomba ya m'nyengo yozizira ndi yaulesi. Simiza choyandama ayi, imangochipendeketsa pang'ono ngati yagunda mwangozi. "Usaphethire," ankatero amalume. Ndinayang'anitsitsa kabuluu kaja mpaka misozi kutuluka, kenako kanapendekeka, ndinakoka, ndipo nsungwi inapindika m'manja mwanga. Linali kumba lalikulu kuposa chikhatho cha amalume, lozizira ngati mwala wa m'mawa. Ndinakuwa mpaka akakowa anauluka kutsidya.

Kuyambira tsiku limenelo amayi sanatchulenso za mwana wamkazi ndi mbedza. Ankangofunsa ngati nyongolotsi takumba zokwanira. Makumba ankawang'amba, kuthira mchere, kuwamba pa makala, ndipo fungolo linkayenda mzere wonse wa nyumba za matenanti mpaka anansi kuyamba kubwera kudzabwereka moto umene anali nawo kale. Amayi ankawapatsa kumba limodzi limodzi. Mpaka lero ndikadya nsomba ya m'firiji ya m'tauni muno ndimangotafuna chifukwa cha njala.

Juni ali mkati amalume anati mudzi uja wakalamba, nthambi zake zikuthothoka, sudzafika patali. Tinayamba kututa nthambi zimene zinatsala pomanga zigafa, iwo paphewa, ine pamutu. Anamanga mitolo ndi mphira, mfundo yake yofanana ndi ija tinaipeza, n'kumangirira miyala. Kenako anavula malaya n'kulowa m'madzi, mtolo uli pa tchubu cha thirakitala chimene anabwereka. M'madzi a Juni, anthuni! Anapita n'kubwera, kupita n'kubwera, ndipo potuluka komaliza milomo yawo inali itatuwa, mano akugundana gwagwagwa. Ndinawafunditsa chitenje cha amayi n'kufunsa kuti nsomba zilowa liti m'mudzi watsopanowo.

"Chaka chino ayi. Uyambe wamera ndere. Chaka chamawa nthawi ngati ino, udzadzaza."

Chaka chamawa! Ndinathamanga osaona njira. Munthu wosamuka angalowe m'madzi ozizira chonchija kumangira nsomba za chaka chamawa? Ndinapeza amayi m'chigafa akusankha fodya ndipo ndinawauza kuti sitichoka, amalume anena okha. Iwo sanatukule mutu. Anangoti, "Pita ukasambe, ukununkha matope." Lolemba ndinauza aphunzitsi kuti nyimbo zija ndidzayambitsa ndithu. Ndinakwiriranso njere ya bango kuseri kwa nyumba, n'kumaithirira mobisa.

Lero ndikudziwa kuti akapitawo anali atawauza kale amalume, fodya asanathe n'komwe kuthyoledwa, kuti esiteti ikuchepetsa matenanti ndipo ife tili m'gulu la opita. Amayi ankadziwa. Onse awiri anandisiya ndizithirira bango langa. Pena ndimawakwiyirabe, pena ndimati mwina anafuna kuti mwana adye nyengo imodzi yokha mtima uli m'malo. Ndili ndi ana anga tsopano, koma sindikudziwabe chimene ine ndikanachita.

Lamlungu lotsiriza, ngakhale ine sindinkadziwa kuti ndi lotsiriza, amalume anachekanso kachidutswa kena pa patapata uja n'kukakhomera ndi msomali pa thunthu la mkuyu, mbali yoyang'ana kumene tinamiza mitolo. Ndinawafunsa kuti n'chifukwa chiyani, popeza ife malowo tikuwadziwa. Anati, "Wodziwa adzadziwa."

Lole inabwera m'mawa wina wa Julayi, mphepo ikuulutsa fumbi. Ndinaona amayi akumanga mapoto m'chitenje ndipo ndinadziwa kuti tikusamuka. Pomwepo ndinamvanso china choposa apo: ife tikubwerera ku Phalombe, koma amalume akuwoloka malire kukafuna malo pa mafamu a kupitirira Chipata. Ndinawagwira malaya n'kuyamba kuwamenya ndi timanja tanga.

"Munanama! Munati chaka chamawa!"

Ananjuta kuti tiyang'anane maso ndi maso. "Sindiname, mwana wa achemwali. Chaka chamawa nsomba zidzabwera."

"Ndiye adzadye ndani?"

"Nanga zija timadya ife, anatimangira ndani? Ukumudziwa?"

Anatsegula dzanja langa, n'kuikamo kapatapata ka pa mbedza yanga, n'kulitseka. Kenako anandinyamula n'kundikweza pa lole.

Amalume sindinawaonenso. Uthenga wa maliro awo unatipeza patapita zaka, iwo ataikidwa kale m'dziko la eni. Masiku ano ndimadutsa msewu wa ku Mchinji popita ku malire kukaoda zitenje, ndipo minibasi ikamayandikira Kachebere ndimasuzumira pawindo. Ndimamva kuti pa esiteti paja akulima soya tsopano. Sindinatsikepo. Ndimaopa kukapeza mkuyu utadulidwa ndi damu litauma, chifukwa m'mutu mwanga mudakali munthu wotuwa milomo, akutuluka m'madzi akuseka. Ndimawasowa amalume anga, ndimawasowa zedi.

Koma tsiku la lole lija sindinkalirira iwo. Ndinkayesa kuti abwera pa Khirisimasi. Ndinakhala pa mtolo wa mapoto, dzanja nditafumbata, n'kumalirira makumba anga amene adzadyedwe ndi kamwana ka eni, kongofika kumene pa esiteti, kosanyamulapo ngakhale nthambi imodzi. Ndinakatukwana kamwanako mumtima njira yonse mpaka ku Lilongwe. Sindinkadziwa kuti chaka chimenecho kamwana ka eni kameneko ndinali ine.