Siviki ya Ba Eness

Ba Eness Mwachilenga amagulitsa tomato ndi kapenta pa kamsika kena m'mbali mwa msewu waukulu ku Rufunsa, pomwe mabasi a ku Chipata amaima. Sukulu analekera giredi 5, ndipo sanadandaulepo nazo.

Mwana wawo Harriet ankafuna koleji ya unamwino, koma Siviki, phunziro la za boma ndi unzika, inamugwetsa pa mayeso a giredi 12. Anayenera kuilembanso kuti maphunziro okhoza akwane. Kunyumba ang'ono ake ankasokosa, choncho ankawerengera kumsika, mokweza, atakhala pa chigubu kuseri kwa tebulo la amayi ake.

Tsiku lina anawerenga kuti mtsogoleri amasankhidwa ndi anthu, ndipo nthawi yake ikatha amabwerera kwa anthu omwewo kukapempha.

"Tabwereza pamenepo," anatero Ba Eness.

Harriet anabwereza.

"Nanga Ba Kingsford tinawasankha liti?"

Ba Kingsford anali tcheyamani wa msikawo, koma chisankho chawo palibe ankachikumbukira. Akuluakulu ankati bambowo anangopezeka ali ndi makiyi a chimbudzi, utcheyamani n'kuyambira pomwepo.

Ba Eness anayamba kuyenda tebulo ndi tebulo, bukhu la Harriet lili m'khwapa, mwana n'kumalondola pambuyo kupempha bukhu lake. Ba Kingsford anaseka, nati Siviki ndi ya ana asukulu. Azimayi sanaseke nawo. Chisankho chinachitikira pansi pa mtengo wa mango, aliyense kuima kumbuyo kwa amene akumufuna. Ba Kingsford atacheuka anapeza kumbuyo kwawo kuli wogulitsa makala mmodzi, nayenso ankangobisala dzuwa. Ena onse anali kumbuyo kwa Ba Eness, tcheyamani watsopano.

Harriet anakhoza, napita ku Lusaka.

Kunena zoona, Ba Eness anagwira ntchito. Msika unayamba kuseseredwa, chimbudzi chinalandira chitseko. Tebulo lawo nalonso linasendera pang'onopang'ono mpaka pakhomo penipeni pa basi, la mng'ono wawo n'kutsatira.

Nthawi yawo itatha anthu anafunsa za chisankho. Ba Eness anati mvula yachuluka. Mvula itatha anati anthu ali kokolola chimanga. Atakolola kunagwa maliro ku Mpanshya, ndipo anati kuvota anzanu akulira ndi kupanda umunthu. Ba Kingsford anabwera mwaulemu kudzabwereka bukhu lija, koma anauzidwa kuti linadyedwa ndi chiswe.

Harriet atabwera pa holide anamva zonse mu minibasi asanafike n'komwe kunyumba.

"Amama, si zimene tinawerenga zija," anatero.

Ba Eness anapitiriza kupanga milu ya tomato. "Iwe Siviki unalembera chiyani?"

"Kuti ndilowe koleji."

"Unalowa?"

"Ndinalowa."

"Inenso ndinalowa. Tandipatsako madzi akumwa."

Mpaka pano Ba Eness ndi tcheyamani. Chisankho akuti chilipo ndithu, chikungodikira kuti mphepo ya mu Julaye ichepe.