Ng'oma za m'fulashi sizimva wezulo

Ngati munaonapo m'mafoni mwanu kanema wa amuna ovala khaki ataima njo pansanja, akuchita sawatcha pamene ng'oma zikungolirabe, ndiye kuti nkhope yanga mukuidziwa. Wa wezulo kukamwa uja ndine. Ndinalakwa kumvera anthu osadziwa beni, zimenezo sindikana. Koma inu owerenga, musanamalize kuseka, imvani kaye mmene zinayendera.

Ndine msodzi wa ku Lungwena, komanso mtsogoleri wa gulu la beni la kwathu. Ng'oma yaikulu amaimba ndi amalume anga, Che Bwanali, amene anayamba ntchitoyi ine ndisanabadwe. Iwo akamaimba sayang'ana ng'oma, amayang'ana mapazi athu. Tikafulumira amafulumira, ndikaliza wezulo amadula pomwepo. Ng'omayo imafunanso moto pafupi, chifukwa chikopa chikazizira imalira ngati chidebe, ndiye timaiwamba pafupipafupi.

Achinyamata ena a m'tauni ya Mangochi anakonza chikondwerero cha oimba ndi ovina a konkuno, ndipo anatiitana. Ndinasangalala kwambiri, chifukwa ife tinkangovina m'maukwati ndi potuluka anamwali. Koma wapampando wawo anatiuza kuti moto sukuloledwa m'bwalo muja chifukwa cha nthambo za magetsi, nthawi ndi yochepa, ndipo magulu otsogola masiku ano amajambula kulira kwa ng'oma n'kukuika pa fulashi, kachipangizo kosungira nyimbo. Mawu akuti otsogola amenewo ndi amene anandikola.

Ndinawatenga amalume kupita nawo kojambulitsa. Anaimba ndi mtima wonse, akuganiza kuti ndi za pa wailesi. Pambuyo pake ndinawapeza padoko akusoka ukonde, n'kuwauza kuti tsikulo asavutike, ng'oma zawo zili m'thumba mwanga. Ndinawaonetsa kafulashi kaja. Anakatembenuza m'manja, n'kundifunsa kuti, “Kanthu kameneka kali ndi maso?” Ndinaseka. Iwo sanaseke, anangopitiriza kusoka.

Tsikulo tinatchena, yunifolomu zosita, mamendulo akuwala pachifuwa. Tinayamba bwino ndithu. Vuto linali loti nsanja ija inali yaing'ono, pamene ife tinazolowera bwalo la mchenga. Poguba tinafika kumapeto kwa matabwa ng'oma zisanafike poduka. Mwa chizolowezi ndinaliza wezulo, anzanga onse anaima n'kuchita sawatcha, koma masipika ankangogunda. Ndinalizanso, osatheka. Woyendetsa makina anali pafoni yake. Titati tithamangire ng'omazo, ena anatembenukira kumanja, ena kumanzere, n'kuwombana mitu. Anthu anafa nako kuseka, ndipo woulutsa mawu anathira mchere pachilonda ponena kuti asilikali a ku Lungwena agonja nkhondo isanayambe.

Manyazi amene ndinachita sindingawafotokoze. Kanema uja anafika kumudzi ife tisanafike. Ana anayamba kunditchula kuti Kaputeni Fulashi, anzanga ena anasiya gulu, ndipo a maukwati anayamba kuitana beni ya ku Nkope. Chimene chinandiwawa kwambiri n'chakuti amalume anapachika ng'oma yawo kudenga. Tikakumana kumzikiti ankandipatsa salamu bwinobwino, koma za beni sankazitchula.

Chaka chotsatira achinyamata aja anatiitananso, ati anthu anasangalala nafe. Ndinawayankha kuti ife si anthu a nthabwala. Tibwera ndi ng'oma zathu ndi moto wathu, apo ayi atichotse. Anatichotsadi.

Ndinapita kwa amalume, ndinagwada, n'kuwauza kuti ndikufuna tikavine tsiku la chikondwererocho kunja kwa mpanda wa bwalo lija, m'mphepete mwa msewu. Iwo anati, “Mphwanga, ndipita. Koma nkhuni ukatola wekha, ng'oma ukasenza wekha, utavala mamendulo akowo.”

Ndinasenza. Kuchokera pamene tinatsikira galimoto, ndinadutsa pamsika ng'oma ili pamutu, mtolo wa nkhuni m'khwapa, anthu akukuwa kuti Fulashi wabweranso. Ndinawasiya akuwe. Tinakoleza moto pansi pa mtengo wa mango, amalume anawamba ng'oma mpaka inalira mokoma, ndipo tinayamba. Sindinama kuti bwalo lonse linakhamukira kwa ife. Anatizungulira ndi amayi ogulitsa mandasi, akabaza, ndi ena amene analephera kulowa. Alonda anabwera kudzatithamangitsa, koma ndinawauza kuti msewu si wawo. Fumbi litakwera, ndinaliza wezulo. Ng'oma inaduka pomwepo, zii. Nditacheuka ndinaona amalume manja ali m'mwamba, maso ali pa mapazi anga.

Kanema wa tsiku limenelo palibe anajambula, ndipo woyamba uja akuyendabe. Aziyenda, ine sindibisala. Chimene ndimadandaula nacho n'choti ndinasiya munthu wamoyo padoko n'kutenga kachitsulo m'thumba.

Inu a beni, a manganje, a sikiri, ndi nonse amene mudzaitanidwe pansanja za m'tauni, pitani ndithu, luso lanu lioneke. Koma akadzakuuzani kuti musiye woimba ng'oma wanu kunyumba kuti muoneke otsogola, funsani funso limene ine ndinaliseka lija. Akakana moto wanu, kavinireni panja.