Adzukulu a ku Tsvingwe

Anthu a ku Tsvingwe amati a Abisai Kaliwo anabadwa atagwira kale tsaya. Mvula ikagwa ankadandaula za denga, ikaleka ankadandaula za chimanga, ndipo tsiku lopanda chodandaula ankati bata lotereli silibwera lokha. Musawaseke. Munthu amene wagwira ntchito zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi m'chipinda cha nyale pa mgodi sangakhale ndi mtima wina. Ntchito yawo inali kupereka nyale kwa olowa pansi ndi kuzilandiranso akamatuluka. Msomali ukatsala wopanda nyale, ndiye kuti mwana wa munthu adakali pansi pa nthaka.

Bambo awo anachokera ku Ntcheu wapansi, koma iwowo mchombo wawo unagwera m'komboni ya mgodi ku Penhalonga, dera lomwe kuli Tsvingwe. Zaka zija anthu ankagawana mafamu, mgodi unayamba kutsokomola ndipo ntchito inawathera. Munda sanalandire, poti chitupa chawo chinkati ndi mlendo. Chimene chinawatsalira ndi kiyi wa kachipinda ka malata kuseri kwa tchalitchi, mmene sosaite ya maliro imasungamo mapiki, mafosholo ndi zikwanje. Anali mkulu wa adzukulu, ndipo kiyiyo ankaimanga pa lamba ngati ya ku banki.

Paja maliro n'kulirana. Wachibale sakumba manda a mbale wake, amakhala pansi n'kumalira, dzenje akumukumbira ena. Mwambo umenewu a Kaliwo anausunga ndi mano. Anyamata a m'mabanja achimalawi a ku Tsvingwe Chichewa chawo n'chosapsa, mawu atatu achinayi Chishona, ndipo ambiri sanapondeko n'komwe kwawo kwa agogo awo. Koma kukagwa zovuta, m'mawa ankapezeka pakhomo pa kachipinda kaja, ena maso ali ofiira ndi mowa wa dzulo, n'kunyamula zida. Wowatsogolera anali Tatenda, mwana wa mnzawo wa ku mgodi amene anamwalira kale. Anali mnyamata wa zaka makumi awiri ndi zinayi, wogulitsa m'sitolo ya zitsulo m'tawuni ya Mutare, ndipo dzenje lake linkatuluka makona ali chilili ngati wayeza ndi chingwe.

Tsoka linawapeza chaka cha 2019, mwezi wa Novembala. Anali atakumba manda a mayi wina wokalamba, ndipo ankatsika mumsewu kupita kumtsinje kukasamba, dothi lofiira kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Galimoto loyera linaima. Munatuluka bambo wa kamera, waulemu wake, kupereka moni akuwomba m'manja. Anati akulemba nkhani ya achinyamata a m'madera a migodi.

A Kaliwo, amene amakayikira ngakhale mthunzi wawo womwe, tsiku limenelo sanakayike. Mtima wawo unasefukira. Anaganiza kuti nthawi yakwana yoti dziko lione kuti ana awa, amene wailesi imangowatchula pa nkhani za chamba ndi zakuba, ndi omwewo amaika anthu m'manda mwaulemu.

"Kwezani zidazo m'mwamba, anthu aone ntchito yanu!" anatero.

Nanga adzukulu n'kuwauza kawiri? Iwo ndi anthu a nthabwala pa maliro, amaseka pamene ena akulira. Wina anatong'ola maso, wina anaonetsa mano, wina anakweza piki ngati akufuna kuswa mwala. Tatenda sanachite zachibwana. Anangoika chikwanje paphewa n'kutsinzina pang'ono chifukwa cha dzuwa.

Patapita masiku atatu chithunzicho chinatuluka m'nyuzipepala ina, ndipo madzulo ake chinali pa foni ya munthu aliyense. Pamwamba pake analembapo kuti magulu a achinyamata a zikwanje asowetsa anthu mtendere m'migodi ya golide. Mitumbira sinaoneke. A Kaliwo anawadula, panangotsala chigongono chawo m'mphepete. Pakati penipeni panali Tatenda, dothi lofiira kumaso, ndipo kutsinzina kwake kuja kunkaoneka ngati kwa munthu amene wapha kale awiri.

Chikanakhala cha tsiku limodzi bwenzi anthu ataiwala. Koma chithunzi chija sichinafe. Munthu akatemedwa ku mgodi wa kutali, kumene Tatenda sanafikeko chibadwire, chinkadzukanso pa masamba a pa intaneti, mutu wa nkhani wokha ndiwo unkasintha. Mwini sitolo anamuitana n'kumuuza kuti alibe naye mlandu, koma makasitomala akuopa kumuona ataima pafupi ndi shelefu ya zikwanje. Mnzake wina wa pa chithunzi chomwecho, Tanaka, anatsitsidwa mu kombi, minibasi ya kumeneko, mvula ikugwa, mayi wina atakuwa kuti nkhope iyi akuidziwa.

A Kaliwo anavala jekete n'kupita m'tawuni kukadandaula ku ofesi ya nyuzipepala ija. Mtsikana wa pa desiki anawamvetsera bwinobwino, kenako anawauza kuti chithunzicho anachita kugula kwa munthu wina, ndipo n'chongofanizira, sichikunena munthu.

"Chongofanizira bwanji, mwanawe? Ameneyo ali ndi dzina, ali ndi mayi ake," anatero.

Mtsikanayo anawapatsa pepala kuti alembe dandaulo lawo. Analemba masamba awiri, ndi dzanja lawo labwino lija la m'kaundula wa nyale. Yankho akulidikirabe mpaka lero.

Maliro otsatira, pakhomo pa kachipinda sipanabwere ndi mmodzi yemwe. A Kaliwo anaima pamenepo mpaka dzuwa linawawotcha pa dazi. Anamfedwa anachita kupeza aganyu m'mbali mwa mtsinje, anthu ozolowera kukumba golide osati manda. Dzenje linatuluka lokhota, lopapatiza kumiyendo. Bokosi linakakamira pakati, nyimbo inatha, anayambanso ina, mpaka analikweza n'kuliika pa udzu kuti aseme m'mbali anamfedwa akuona. A Kaliwo anachita manyazi ofuna kulowa pansi. Koma choposa manyazi chinali mantha, chifukwa kunyumba kwawo mlongo wawo Loice anali gone.

A Loice ndiwo anawalera mayi awo atamwalira. Anagulitsa masamba pamsika zaka zonse, pakamwa pawo pakuthwa ngati lumo, mpaka matenda a shuga anawatupitsa miyendo n'kuwaika pamphasa. Za bokosi lokakamira lija anazimva tsiku lomwelo, poti ku Tsvingwe nkhani siigona.

"Achimwene, bwerani kuno," anatero. "Ine ndakhala moyo wopanikizika m'zipinda za mgodi. Kumandanso ndikapanikizike? Dzenje langa akumbe ana athu omwewa. Aganyu ayi."

"Musalankhule choncho, achemwali, muchira."

"Bodza silikukhalani inu, nkhope yanu imaulula. Mwandimva?"

"Ndamva."

Kumva anamva, koma kuyambira tsiku limenelo chakudya chinaleka kutsika. A Loice akatsokomola, iwo mtima phaa. Akagona tulo tabwino, iwo ankaima pakhomo kuyang'ana ngati bulangete likukwera ndi kutsika. Sankaopa imfayo kwenikweni, imfa anaizolowera. Ankaopa m'mawa wake, ataima ndi kiyi m'manja pakhomo popanda munthu.

Anapita kwa Tatenda. Anamupeza kuseri kwa nyumba ya mayi ake akukonza mbaula ya munthu, chipewa atachikokera mpaka pa nsidze. Chisoti chimenecho sankachivulanso masiku amenewo.

"Mwanangu, agogo ako a Loice sali bwino."

"Ndamva, sekuru. Pepani." Sekuru ndi mmene anyamatawo ankawaitanira, agogo m'Chishona.

"Zikachitika, ndidalira iwe."

Tatenda anaika pulayazi pansi. "Sekuru, ndinu munati tikweze zikwanje."

A Kaliwo sanazembe. Nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu, koma apa wodya anali wamkulu, opotedwa ana. "Ndine, sindikukana. Ndinkayesa ndikukukwezani."

"Basa langa la ku sitolo lija linapita, anandichotsa ntchito. Musikana wanga wa ku Florida, ku Mutare kuja, bambo ake anati asandionenso pa geti. Ndikakwera kombi anthu amagwira zikwama zawo. Tsopano mukuti ndiyendenso mumsewu ndi piki, dothi kumaso? Aliyense ali ndi foni, sekuru. Sikufunikanso kamera yayikulu ija. Aiwa, sindingatero."

"Nanga mwambo?"

"Mwambo sunalembedwe pansi pa chithunzi chija."

Anabwerera ali wolefuka, miyendo ikukoka fumbi. Sanamukwiyire mnyamatayo, ndipo n'zimene zinawapweteka kwambiri, poti wokwiya amapeza pogwira.

A Loice anatsikira kuli chete Lachiwiri masana, mu Febuluwale, chimanga chitamasula ngayaye. Azimayi anadzaza nyumba, amuna anakhala panja, ndipo aliyense wobwera kudzapepesa ankafunsa motsitsa mawu funso lomwelo: za kumanda zili bwanji? Mkulu wa mpingo ananong'oneza kuti aganyu aja alipo, angowauza kuti ulendo uno ayeze bwino. A Kaliwo anapukusa mutu.

Kutacha anatsekula kachipinda kaja. Anadikira pang'ono, akudziwa kuti akudikira mphepo. Kenako anaika piki, mafosholo awiri ndi chikwanje mu wilibala.

Akazi awo anawathamangira. "Abambo, mwapenga? Manda a mlongo wanu mukumbe nokha? Anthu adzati chiyani?"

"Adzanena. Iye uja sadzamva."

Manda a ku Tsvingwe ali m'mbali mwa msewu, ndipo wodutsa pa galimoto amaona zonse. A Kaliwo anafika thukuta lili kamukamu, anasankha malo pafupi ndi mtumbira wa mayi awo, analambula udzu, nayeza ndi ndodo. Zaka zonsezi anali asanakhudzepo piki pa manda a wachibale, ndipo ankamva ngati akufuna kumenya a Loice amene. Anakweza pikiyo, inagwa mopanda mphamvu n'kungokanda pamwamba. Anakwezanso.

"Sekuru! Siyani."

Anatulukira m'mitengo ya bulugamu, njira ya kuseri imene anthu sadutsa. Anali atatu okha, Tatenda, Tanaka ndi mng'ono wake wa Tanaka, atavala zoyera bwino ngati akupita ku ofesi, zovala zogwirira ntchito zili m'majumbo. Tatenda analanda pikiyo osawayang'ana kumaso.

"Mukufuna kutichititsa manyazi? Gogo Loice ankatipatsa matomati aulere. Tikumba."

A Kaliwo anawasiyira zida zija. Anayamba kubwerera kuti akakhale pa siwa monga namfedwa.

"Ayi, simukupita kunyumba," anatero Tatenda. "Mukaime pamsewu apo. Galimoto lililonse likachepetsa liwiro, muimbe mluzu."

"Ndikaimba, mutani? Muthawira kuti?"

"Imbani basi. Zinazo n'zathu."

Ndiye anaima pamenepo, bambo wa zaka makumi asanu ndi limodzi ndi zisanu ndi ziwiri, mlongo wawo ali m'bokosi kunyumba, iwo akulondera msewu. Kumbuyo kwawo piki inkalira, fosholo ikutaya dothi. Nthabwala kunalibe. Adzukulu aja amene kale ankasekesa ndi akufa omwe ankakumba ngati akuba. Kombi inadutsa, mtima unagunda. Lole ya matabwa inadutsa, mtima unagundanso. Milomo inauma, ndipo anayamba kuda nkhawa kuti nthawi ikakwana mluzu sutuluka. Ankainyambita n'kuyeserera chamumtima.

Dzuwa litakwera, dzenje litafika m'chiuno, kunatulukira galimoto laling'ono lotuwa, magalasi akuda. Linabwera bwinobwino, kenako pafupi ndi manda linayamba kuchepetsa liwiro. Linachepetsanso. A Kaliwo sanadikirenso. Anaimba mluzu, unatuluka wakuthwa ngati wa mnyamata.

Galimotolo linakhotera kumanja, linazemba chidzenje cha pamsewu chimene mvula inakumba, n'kupitiriza ulendo. Woyendetsa sanayang'ane n'komwe kumbali.

Anapumira m'mwamba n'kutembenuka kuti awauze kuti palibe kanthu. Kumanda kunalibe munthu. Kunali mulu wa dothi lofiira, ndi majumbo atatu atapachikidwa pa mtanda wa munthu wina. Anayenda mofulumira, akupunthwa pa mitumbira, mpaka anafika m'mphepete n'kusuzumira.

Anyamata atatu aja anali atagona chafufumimba m'manda a a Loice, mothithikana, nkhope zili m'dothi, manja ataphimba kumutu. Ankapuma mwakachetechete, kudikira kuti sekuru awauze kuti adzuke.