Kukatenga Akulu Anga ku Nyanja ya Mchere

Ndinanyamuka kwathu ku Zingalume m'mamawa, mtedza titakolola kale. Amuna anga anandikweza pa njinga mpaka ku boma la Chadiza. Amene anandituma ulendowu ndi atsibweni. Anati, "Ukawatenge akulu ako. Tamva kuti nyanja yawo yaonongeka ndi mafuta. Munda wa amayi anu ukungomera tsekera kuno, iwo azivutikiranji kuchilendo?"

Akulu angawo, aMalita, anakwatiwa ndi munthu wa ku Mozambiki amene anathawira kwathu nthawi ya nkhondo. Nkhondo itatha anapita nawo kwawo, kufupi ndi mzinda wa Beira. Alamu anamwalira, koma akulu anga sanabwerere.

Pa boma ndinakwera kagalimoto kopita kumalire a Chanida. Dalaivala anati malo alipo, koma malowo anali bondo la mayi wina wogulitsa tomato. Tinagwirizana kuti tizisinthana, wina akachita dzanzi mnzake amunyamule. Pamalire anadinda pasipoti yanga, ndinasintha makwacha, kenaka ndinakwera minibasi imene kumeneko amati chapa.

Msewu wa ku Tete ndi wotsetsereka, ndipo mukamatsika kutentha kumakwera. Mitengo ya kwathu inatha, kunatsala milambe ndi mbuzi. Titaoloka mlatho wa Zambezi dzuwa likupendeka, ndinagula mkate ndi nsomba yamchere kwa mayi wina amene anandiyankhula Chinyanja chomveka bwino.

"Ulendo wa kuti, amayi?"

"Wa kunyanja."

"Munaionapo?"

"Iyayi. Madzi aakulu amene ndimawadziwa ndi a damu la Nsadzu."

Anaseka mpaka kugwira m'chiuno. "Mukafika musakawelamire kumwa, mungatichititse manyazi."

Ndinagona pasiteshoni, m'mawa mwake n'kukwera basi yaikulu. Tinadutsa Chimoio, ndipo pa mphambano ya Inchope anthu anatizinga ndi zinanazi ndi nthochi pamawindo. Kuchoka apo dziko linasalala, mphepo n'kuyamba kumata pakhungu. Ku Beira ndinakwera chapa china cholowera kumidzi ya asodzi, ndipo ndinatsika pamene msewu unathera mumchenga.

Akulu anga sindinawapeze pakhomo. Mayi woyandikana nawo nyumba, amene Chisena chake ndinkachimva mwa apo ndi apo, anandilozera kumatope. Ndinayenda pakati pa mitengo ya kokonati mpaka ndinatulukira poyera, ndipo ndinangoima. Madzi analibe tsidya. Anakathera kumwamba. Koma fungo limene linandilandira silinali la madzi ayi, linali la pagalaja.

Pafupi ndi gombe panali nkhalango ya mitengo yomera m'madzi amchere, imene iwo amaitchula mangali. Mizu yake imatuluka m'matope ngati zala. Mizu imeneyo inali bii, masamba ambiri achikasu. Pakati pake panali amayi ambiri atagwada pa matabwa, ndipo mmodzi wa iwo, wa imvi, manja akuda mpaka m'zigongono, anadzuka n'kundiyang'anitsitsa.

"Esitere? Ndiwe?"

Tinakumbatirana, ndipo bulauzi yanga ya ku tchalitchi inathera pomwepo.

Madzulo, tikudya mpunga wophikira kokonati, anandifotokozera. Chombo china, chimene sanachione n'komwe, chinataya oilo wakuda kutali pakati pa nyanja, ndipo madzi pobwera kumtunda anamubweretsa. Kumeneko nyanja imachoka n'kubwereranso tsiku lililonse, choncho ulendo uliwonse inkapaka mitengo ija mwatsopano. Akulu anga moyo wawo ndi wotola nkhanu ndi nkhono m'matope n'kukagulitsa mumzinda. Nkhanu zinafera m'maenje mwake. Mbalame zinkayenda pagombe nthenga zitamatana, osatha kuuluka. Asodzi ankabwera ndi nsomba zonunkha dizilo, ogula n'kuzikana.

"Mitengo ija imapumira kumizu," anatero. "Oilo akaimata ndiye waitseka pamphuno. Ndipo nsomba zonse ukuzimva za m'nyanjazi zimakulira m'mizu momwemo zikali zazing'ono. Mangali akafa, nyanja yakhala chumba."

Ndinaona kuti mpata ndi womwewu. "Atsibweni akuti tipite kwathu. Munda ulipo."

Iwo anangoti, "Ugone. Mawa madzi achoka m'mawa."

Kutacha anandipatsa chitenje chakutha ndi magolovesi a mpira. Ndinati ndilowe m'matope, anandikoka. "Ponda pa thabwa. Ukaponda pansi ukukankhira oilo mkati, ndiye akhala momwemo mpaka zidzukulu." Ntchito yake inali yofuna mtima wautali. Ena ankapukuta mizu umodziumodzi ndi makoko a kokonati. Ena ankamanga mitolo ya udzu, kuilumikiza ndi chingwe, n'kuitchinga pakamwa pa kamtsinje kuti madzi akamabwera udzu uziyamwa oilo. Mitolo yakuda ankaisenza kupita nayo kumtunda, kumene a boma anaika migolo. Palibe amene ankawalipira. Ambiri mwa amayiwo anali asanagulitse kanthu kuyambira pamene oilo anafika, ndipo chakudya chamasana chinali chinangwa chimene aliyense anabweretsa chochepa n'kuphatikiza.

Chimene chinandidabwitsa n'chakuti onse ankafunsa akulu anga. Iwo, mayi wa ku Zingalume amene anakula akupalira chimanga, ndiye ankanena koyambira ndi nthawi yothawa madzi, m'Chisena chothamanga ngati anabadwira konko. Wina akatopa ankamuyambitsira nyimbo. Ina ndinaizindikira: inali yathu yosinjira pamtondo, atangoisintha mawu.

Madzi asanayambe kubwerera, ananditengera kuseri kwa mudzi kumene oilo sanafike. Kumeneko anali ndi nazale. Mbewu za mangali ndi zazitali ngati zitheba, ndipo anazizika m'timapepala ta pulasitiki tosawerengeka, tina titaphuka kale masamba awiri. Anazula imodzi n'kundipatsa kuti ndibzale pamalo pamene anayeretsa. Ndikubowola matope ndi chala, kankhanu kakang'ono ngati chikhadabo kanatuluka pa dzenje n'kuthamanga chammbali. Akulu anga anaitana anzawo, ndipo amayi akuluakulu anasiya ntchito kudzaunjirira kanthu kameneko. Pamalo pamenepo kanali koyamba kuoneka chifikire oilo.

Pobwerera kunyumba anayankha nkhani yanga ya dzulo lake ija. "Ukawauze atsibweni kuti ndathokoza. Koma alamu ako agona pamchenga apa, ndipo matope awa ndi amene analera ana anga bambo awo atapita. Andidyetsa zaka zonsezi. Ndiwathawe lero chifukwa adwala?"

Sindinawaumirize. Ndinakhala nawo mpaka zikhadabo zanga zinada ngati zawo, kenaka ndinabwerera njira yomwe ija, nditanyamula kokonati ndi mchere wa m'nyanja. M'basi ndinkaganiza kuti ndinapita kukapulumutsa munthu wosowa pogwira, koma ndinapeza munthu amene mudzi wonse wagwira pa iye.

Nditafika ku Zingalume ndinapeza atsibweni akusema mpini pansi pa mtengo wa mango. Anayang'ana kumbuyo kwanga, n'kuona kuti ndili ndekha.

"Nanga akulu ako?"

"Ndawasiya akubzala, atsibweni."

Anapitiriza kupalapala mpini uja. Kenaka anagwedeza mutu. "Ndiye wachita bwino kuwasiya. Munthu sachotsedwa m'munda nthawi yobzala."