Tsiku Limene Amayi Anazula Mpungabwi wa Eni Ake

Amayi anga akhala akugulitsa masamba mu Msika wa Lilongwe kuyambira ine ndisanabadwe: mpiru, nkhwani, chayinizi, ndipo mvula ikatha, mfutso wa m'zikwatu. Masamba amenewo ndi omwe anandiphunzitsa sukulu mpaka ndinapeza ntchito ya mu ofesi ku City Centre, n'kukwatiwa ndi mwamuna wakumpoto wogwira ntchito m'boma, n'kukakhala ku Area 47 m'nyumba ya kumpanda. Ndayamba ndi zimenezi kuti wina asandimvere chisoni n'kumati sindinkadziwa chimene ndinkachita tsiku lija. Ndinkadziwa bwino lomwe.

Nzeru ya ulendowo inachokera kwa alamu anga, achemwali awo a amuna anga, munthu amene chilichonse chatsopano m'tauni muno amafuna achione iye anzake asanachimve. Anati kunja kwa mzinda kuli famu yolima lavenda ndi zitsamba zina zonunkhira, tikapitidweko mphepo Loweruka, ana akathamange, ife tikajambulitse. Anati atenganso anzawo awiri akuntchito.

Sabata imeneyo amayi anali kwathu, anabwera kudzaona adzukulu. Ine mumtima ndinkafuna atsale. Amuna anga ndi amene anati si bwino kusiya munthu wamkulu yekha pakhomo ngati mlonda. Ndinawatulutsira diresi labwino m'kabati, iwo anavala, kenako anamanga chitenje chawo chakale pamwamba pake ndi mpango kumutu.

"Amayi, chitenjecho chitsale," ndinatero.

"Wati tikupita kumunda. Unamuona ndani akupita kumunda chovala chili pamtunda?"

Ndinangowasiya, nthawi inali itatha kale.

Malowo anali okongola, bodza ayi. Mizere ya lavenda yautali, maluwa ake mtundu wa jakaranda, fungo lake ngati la sopo wodula. Amayi sanadikire kuuzidwa: anabereka mwana wanga wamng'ono kumbuyo, dengu la zakudya pamutu, n'kumatitsatira pambuyo. Kapitawo wa pafamupo, bambo wa chipewa chachikulu, ankatifotokozera zonse m'Chingerezi. Amayi anathyola kanthambi, ananunkhiza, analawa, n'kulavula.

"Ndiye zimenezi amadya bwanji?"

"Sadya, amayi. Amapangira mafuta ndi sopo."

"Madzi onsewa, nthaka yonseyi, popanda ngakhale phesi limodzi la chimanga?"

Anzawo a alamu aja anaseka. Inenso ndinaseka, mokweza kuposa iwo.

Titayala zakudya pansi pa mtengo, amuna anga anapita ndi ana kukaona akalulu a m'khola, ife azimayi tinatanganidwa ndi mafoni, uyu ajambule uyo, uyo ajambule uyu. Sindinaone kuti amayi achoka nthawi yanji. Zimene zinachitika ndinazimva pambuyo pake. Anaona mayi wina wa pafamupo akupalira chapatali, anapita kukamupatsa moni. Kwathu munthu ukapeza mnzako ali pa ntchito m'munda sumuimirira pamutu manja ali m'chiuno, umamulandira khasu, n'kulimako pang'ono iye akupuma. Amayi analandira khasu, mayi uja anathokoza n'kupita kukamwa madzi. Atamaliza mzerewo, amayi anaona bedi loyandikana nawo litadzaza mpungabwi, chitsamba chija chimamera chokha kutchire, chimene kumudzi timathyola n'kumakupiza m'nyumba pothamangitsa udzudzu. Anadabwa kuti eni munda alekerera bwanji thengo chonchi. Anagwira ntchito ndi mtima wonse, monga amachitira nthawi zonse, n'kuunjika zozulazo bwinobwino pamphepete.

Tinamva kukuwa kwa kapitawo. Pamene tinkafika, theka la bedi linali mbee. Chimene amayi ankati mpungabwi chinali bazilo, m'bale wake wobzala, amene famuyo imaperekera m'mahotela a m'tauni. Amayi anali chilili, khasu m'manja, thukuta lili kamukamu, akumwetulirabe podikira kuyamikiridwa.

Kapitawo sanalankhule nawo n'komwe. Anawayang'ana chitenje, mpango, mapazi afumbi, kenako anatembenukira kwa ine, ndipo ulendo uno anayankhula Chichewa.

"Madamu, antchito anuwa bwanji osawayang'anira? Taonani zimene apanga."

Mawu ofunika anali atatu okha: awa ndi amayi. Ndinali nawo pakamwa. Koma ndinaona anzawo a alamu aja atakweza magalasi awo akuda pamphumi kuti aone bwino, ndinaona nsapato zanga zoyera, ndipo chimene chinatuluka ndi ichi: "Pepani bambo. Sadzachitanso."

Alamu anga ankadziwa kuti awa ndi ndani. Anavina nawo pa ukwati wanga, adyapo mfutso wawo kangapo konse n'kumanyambita zala. Anangoyang'ana kumbali n'kumakanda foni. Ndimawasungira chakukhosi mpaka lero, ngakhale ndikudziwa kuti sanali iwo oyenera kutsegula pakamwa.

Amayi anatsamiritsa khasu pa mtengo, anapukuta manja pa chitenje, ananyonyomala pang'ono pamaso pa kapitawo uja, munthu woti akanatha kukhala mwana wawo, n'kunena kuti, "Ndalakwa, bambo, ndimayesa ndikuthandiza." Ine sanandiyang'ane. Anabwerera pansi pa mtengo n'kuyamba kulongedza mbale.

Amuna anga atabwera anakakambirana ndi eni famu, nkhani ya bazilo inathera pomwepo. Ya antchito ija sanaimve. Pobwerera m'galimoto ankafunsa ana kuti asangalala, ana ankati eya. Anafunsanso amayi. Iwo anati, "Taona zambiri, bambo." Alamu anali atandigulira kamtolo ka lavenda wouma kuti ndikaike m'kabati. Fungo lake linadzaza galimoto yonse, ndipo mpaka pano sopo wa fungo limenelo sindigula.

Ndinawauza amuna anga patapita masiku. Anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Ndiye chinavuta n'chiyani kungonena?" Ndinapsa mtima, ndinawalalatira kuti iwo amayi awo ndi aphunzitsi opuma, savala mpango wothothoka, sangamvetse. Anangotuluka panja. Ndinkadziwa kuti ndikukalipira munthu wosalakwa.

Kupepesa ndapepesa. Ndagwada, ndalira, ndatumako ngakhale amalume. Amayi amati palibe nkhani, anaiwala kalekale. Sanandikalipirepo ngakhale kamodzi, ndipo bola akanandikalipira. Kwathu amabwerabe mwezi ndi mwezi, atanyamula masamba a adzukulu awo. Koma kuyambira tsiku lija salowera khomo lakumaso. Amazungulira nyumba, n'kugogoda chitseko cha kukhitchini, n'kuyala chitenje pakhonde lakuseri pafupi ndi mpopi. Ana amawapeza komweko, amadyera nawo komweko.

Mwezi watha kunagwa mvula yamphamvu iwo ali pakhondepo, madzi akuwathovukira m'miyendo. Ndinatuluka, ndinawagwira dzanja.

"Amayi, chonde, lowani m'nyumba. Ndi nyumba ya mwana wanu ino."

Anachotsa dzanja langa mwaulemu, anasendera pang'ono kukhoma, n'kukokera chitenje kumapazi.

"Musavutike, madamu. Pano pali bwino."