Mtengo wa Deolinda

Ku Namacula, dera lina la m'tauni ya Lichinga, mukafunsa za mayi Deolinda, palibe amene angayambe n'kunena kuti ndi aja amagwira ntchito kwa azungu, ngakhale achapira azungu zaka makumi awiri. Akuuzani kuti ndi mkazi wa malemu Bernardino, mayi aja ankakwera mota, njinga yamoto, pa theka la mtengo.

Anabadwira ku Lione, kwa alimi a nyemba ndi mbatatesi. Ku Lichinga anabwera ali mtsikana, kudzathandiza azakhali awo kugulitsa nyemba pamsika, ndipo pamsika pomwepo ndi pamene anakumana ndi Bernardino, mnyamata wa mano otalikirana amene ankanyamula anthu pa njinga yakapalasa. Njinga ija inabala mota. Bernardino ndi anzake anayi ndiwo anayambitsa paraje ya ku Namacula, pamphambano pamene a mota amaima m'mawa atapinda manja m'makhwapa kudikira okwera. Mu 2016, nthawi ya mvula, lole ya matabwa inamupeza pamsewu wa ku Lione atanyamula matumba awiri a mbatatesi. Sanafike n'kuchipatala komwe.

Pamaliro a mota anabwera onse, Asilamu ndi Akhristu, mahutala akulira mpaka kumanda. Che Abdulai, mkulu wa paraje, bambo wa kofia yoyera amene sakonda zolankhulalankhula, anaimirira n'kunena kuti iwo alibe ng'ombe yoti apepesere, koma malinga paraje ilipo, mkazi wa Bernardino azikwera ulere. Mayi Deolinda, misozi ili chuchuchu, anakana. Anati amuna awo sanasiye wopemphetsa. Anakanganirana pamenepo mpaka anagwirizana theka: ena akamapereka sinkwenta, makumi asanu, iwo azipereka vintesinku, makumi awiri ndi zisanu. Palibe anazilemba papepala, komanso palibe anaziphwanya. Ngakhale anyamata amene analowa paraje Bernardino atamwalira kale ankauzidwa tsiku loyamba, ndipo onse ankawaitana mayiwa kuti alamu.

Bernardino sanasiye nyumba ya malata kapena munda. Mota inatheratu pansi pa lole. Chimene anasiya ndi pangano la theka limeneli, ndipo mayi Deolinda ankachisunga mumtima kuposa china chilichonse. M'mawa uliwonse, akamapereka vintesinku ija n'kumva "Zikomo, alamu," ankadziwa kuti amuna awo sanaiwalike.

Za azungu ndiye aziona mayiwa, musawafunse. Wina ankapatsa moni galu asanapatse moni munthu. Wina ankati "Muli bwanji?" ali m'kati moyenda, iwe ukamayankha iye wafika kale kubafa. Panali bambo wina amene anajambula maliro a kwa neba ngati akuonera gule, ndi mayi wina amene anaphunzira mawu atatu a Chinyanja n'kuyamba kukonza Chinyanja cha eni ake. Pafupifupi onse ankadandaula za fumbi lofiira la m'Lichinga ngati mayi Deolinda ndi amene analibweretsa. Iwo ankangoti mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, n'kupitiriza kukolopa.

Dona Nora, mzungu amene analemba mayi Deolinda ntchito ya m'nyumba, anabwera chaka chathachi kudzagwira ntchito ku bungwe lina lokumba zitsime. Tinene zoona, sanali munthu woipa. Malipiro ankapereka pa tsiku lake, mbale yake ankatsuka yekha, ndipo mawondo a mayi Deolinda atatupa anawagulira mankhwala. Koma anali ndi nthenda imodzi: ankaopa kupusitsidwa kuposa mmene ankaopera malungo. Asanafike anauzidwa kuti kuno chilichonse chili ndi mitengo iwiri, wa eni dziko ndi wa mzungu, ndipo analumbira kuti iye wa mzunguwo sadzalipira. Munthu woti tchizi cha m'sitolo ankagula osafunsa mtengo, koma kwa mayi wa tomato ankaima mpaka miyendo kuwawa.

Tsiku lina m'mawa anaima pageti, kapu ya khofi ili m'manja, mayi Deolinda akutsika pa mota. Anaona ndalama imene inaperekedwa.

"Deolinda, mwapereka zingati?" anafunsa m'Chipwitikizi chake chodumphadumpha.

"Vintesinku, adona."

"Kuchokera ku Namacula konse kuja? Ine dzulo andilipiritsa sinkwenta kungofika ku ofesi."

"Sinkwenta ndiye mtengo wake, adona. Aliyense amapereka yomweyo. Ine amandichotsera chifukwa cha malemu amuna anga, anali mnzawo."

Dona Nora anatula kapu, n'kuwakumbatira, n'kupepesa za imfayo ndi mtima wonse. Kenako anati: "Komabe zikusonyeza kuti vintesinku imakwana. Akanakhala kuti akuluza, sakanakunyamulani zaka zonsezi."

Ungamuuze bwanji munthu kuti kuluzako ndiye cholinga chake?

Kuyambira tsiku limenelo a mota anaona zakuda. Dona Nora ankafika pa paraje iliyonse n'kunena vintesinku. Akakana, ankatembenuka n'kuyamba kuyenda pang'onopang'ono, khutu lili kumbuyo, kudikira kuti amuitane. Palibe ankamuitana. Atatopa n'kuyenda pansi anapeza nzeru ina.

"Deolinda, imbirani mmodzi wa anzanu aja. Mugwirizane mtengo kupita ku Assumane. Musanene kuti ndi ine."

Apa ndi pamene mayi Deolinda amadziimba mlandu mpaka lero. Akanakana. Koma mwana wawo Rosita anali chaka chomaliza ku sukulu ya unamwino, ndipo ndalama zonse za sukuluyo zinkachokera m'nyumba ya Dona Nora. Komanso ntchito za kwa azungu zimayenda pakamwa: wochoka amauza wobwera kuti uyu ndi wabwino, uyu ndi wovuta, ndipo amene watchedwa wovuta sapezanso geti lomutsegukira. Anatenga foni n'kuimbira Salumu, amene malemu anamuphunzitsa okha kuyendetsa mota.

"Ku Assumane, Che Salumu. Zingati?"

"Mukufunsanso, alamu? Yanu ija."

Salumu atafika, geti linatseguka, n'kutuluka Dona Nora, chipewa chake cha mota chili kale kumutu, akumwetulira ngati mwana amene wapambana pa chibisalirano. Pa paraje ya ku Namacula mtengo ukatuluka pakamwa subwezedwa. Salumu anayang'ana mzungu, n'kuyang'ana mayi Deolinda amene anaima kuseri ndi tsache. Ananyamula munthu wake n'kupita.

Madzulo mayi Deolinda anamusaka kuti amuwonjezere vintesinku ya m'thumba mwawo. Salumu anabweza dzanja lawo.

"Alamu, nditenge ndalama ya mayi wamasiye kulipirira mzungu? Ndingakaiyankhe bwanji kwa Mulungu? Isungeni."

Zikanathera pomwepo bwenzi zili bwino. Koma zinachitikanso, kachiwiri, kachitatu, mpaka mayi Deolinda anasiya kuwerenga. Ndiye Dona Nora, pofuna kuthandiza anzake, analemba pagulu lawo la pafoni la alendo okhala mu Lichinga kuti asamapusitsidwe, mtengo weniweni wa mota ndi vintesinku, wantchito wake Deolinda amalipira yomweyo tsiku ndi tsiku. Sipanathe mwezi, a mota m'tauni monse anayamba kumva mawu amodzimodzi kuchokera kwa anthu ofiira mphuno ndi dzuwa: "Ayi, ayi. Mtengo wa Deolinda." Wina anauza wa mota kuti ndi wakuba pamaso pa anthu. Ambiri mwa anyamatawa mota si zawo, madzulo amakapereka ndalama ya mwini wake kaya apeza kaya sanapeze, ndiye mukhoza kuona mmene dzina la Deolinda linayambira kuwawa m'makutu mwawo.

M'mawa wina wa mu Juni, chisanu chija cha ku Lichinga chimene chimalowa mpaka m'mano, mayi Deolinda anafika pa paraje. Kale anyamata ankalimbirana kuti awanyamule. Tsiku limenelo aliyense anapeza choti ayang'ane pa mota yake. Mmodzi, wachilendo pang'ono, anafunsa osawayang'ana kumaso:

"Mukwera ndinu, dona, kapena pali wina kuseri kwa geti?"

Ena anaseka pang'ono, ena anaweramitsa mitu. Mawu oti dona aja anawalasa mayi Deolinda kuposa kusekako. Anachita manyazi, manyazi enieni otentha kumaso, ndipo anakwiya, koma osadziwa woti amukwiyire chifukwa mnyamatayo sananame.

Che Abdulai anawatengera pambali, pafupi ndi mayi wogulitsa mandasi.

"Alamu, anyamata akufuna tikhale pansi Loweruka. Akuti theka lija lithe. Ine ndawaletsa kawiri, koma pakamwa panga ndi pamodzi, iwo ali makumi atatu. Lankhulani ndi adona anu."

Analankhula nawo tsiku lomwelo, ataima pakhomo la khitchini, manja atapinda kutsogolo. Anafotokoza za maliro, za mahutala, za mawu a Che Abdulai. Dona Nora anamvetsera bwinobwino, maso ali ndi chisoni, kenako anati akumvetsa, koma nkhaniyi si ya iye yekha. Anati mtengo usamaone khungu, ndipo ngati a mota angathe kutsitsira munthu mmodzi angathe kutsitsira onse, amayi osauka a ku Namacula omwe. Anadzipereka kuti Loweruka apite nawo ku paraje akawafotokozere anyamatawo yekha.

"Ayi, adona, musavutike," anatero mayi Deolinda. Anaona kuti akapita ndi mzungu kumeneko, ndiye kuti dzina la Bernardino alikwirira kachiwiri.

Loweruka anavala chitenje chawo cha kutchalitchi, n'kupita okha. A mota anali atasonkhana kale, ena atakhala pa mota zawo, Che Abdulai ali pa benchi. Mayi Deolinda sanadikire kuti nkhani iyambe. Anapempha mwayi, n'kugwada pang'ono monga mwa ulemu, n'kunena:

"Azilamu anga, munandichitira ulemu zaka zisanu ndi zinayi. Ine ndautenga ulemuwo n'kukaugulitsa kwa mlendo chifukwa cha mantha. Musavutike n'kuvota. Kuyambira lero ndizipereka sinkwenta ngati wina aliyense. Mzungu akadzatchula mtengo wa Deolinda, muzimuuza kuti Deolinda amalipira sinkwenta, ndipo mudzakhala mukunena zoona."

Salumu ananena kuti si zimene ankafuna. Mnyamata uja anawatcha dona ankakumba pansi ndi nsapato. Che Abdulai anavula kofia, n'kuiyang'ana m'kati, n'kuivalanso.

"Tinapangana pamanda, alamu. Mukudziwa chimene mukubweza?"

"Ndikudziwa, Che Abdulai. Kuli bwino ndibweze ndekha kusiyana n'kuti mundilande."

Sinkwenta kupita, sinkwenta kubwera, pa malipiro awo sizikanatheka. Lolemba anadzuka kusanache bwino n'kuyenda pansi, ola lathunthu, mawondo akulira. A mota ankawadutsa, ena n'kuchepetsa liwiro n'kuwakodola, iwo n'kungokweza dzanja kuti pitani. Ankalira m'njira masiku oyambawo, sabisa, ndipo chimene ankalirira si mawondo.

Dona Nora atamva kuti mtengo wakwera kwa Deolinda yemwe, anapukusa mutu n'kunena kuti waona, anthu aja ndi adyera. Ataona kuti wantchito wake akuyenda pansi, anamuyamikira kuti kuyenda n'kwabwino ku mtima, n'kumupatsa nsapato zake zakale zothamangira. Zinali zazikulu, koma mayi Deolinda anaika nsanza kutsogolo n'kumavala.

Mu Seputembala ntchito ya Dona Nora inatha. Analira potsanzikana, n'kusiya mapoto, bulangete ndi mawu abwino kwa amene amabwera m'malo mwake. Rosita anamaliza sukulu. Koma uthenga uja pagulu la pafoni sunachoke, ndipo mpaka lero alendo amene sanawaonepo mayiwa amaima pa paraje n'kumaumirira mtengo wa Deolinda.

Wolowa m'nyumbamo anali bambo wamtali wa ndevu, waulemu ndithu. Tsiku loyamba anawagwira chanza ndi manja awiri.

"Ndinu Deolinda uja? Ndamva zambiri za inu. Mawa ndili ndi ulendo wa ku Assumane, mundiitanire mota pa mtengo wanu uja."

Mayi Deolinda anayang'ana pansi, kenako anamuyang'ana kumaso.

"Pepani, bwana. Ine mota sindikwera, ndimayenda pansi. Paraje ili apo pamphambano, ndi sinkwenta."

Anatenga ndowa n'kukayamba kukolopa kuchipinda.