Ansapato ndi Dzanja la Mwana Wawo

Ambiri mumpingo mwathu muno tinavalapo nsapato zodutsa m'manja mwa bambo amene tinawaika m'manda mwezi wathawu. Tinkangowatchula kuti Ansapato, iwo n'kumavomera. Tikulemba za moyo wawo kuti ana athu adziwe kuti nkhalamba yofatsa ija, yokhala pa benchi lakumbuyo, inasunga moto mumtima zaka zambiri osawotcha nawo munthu.

Anabadwira m'banja losauka. Bambo awo anamwalira iwo akadali wamng'ono, ndipo mayi awo ankachapira anthu zovala. Sukulu anailekera panjira, n'kukaphunzira kusoka nsapato kwa amalume awo pakhonde la sitolo. Kutchalitchi ankafunitsitsa kuimba, koma mawu awo anali ngati chitseko chadzimbiri, moti mphunzitsi wa kwaya anawapempha mwaulemu kuti azingoyendetsa milomo. Sanakwiye. Anayamba kusesa ndi kunyamula mabenchi, ntchito imene anaigwira mpaka msana unakana. Atakula anakwatira mtsikana wa mukwaya momwemo, ndipo ankakonda kunena kuti, "Mawu amene Mulungu anandimana anandipatsira mwa mkazi."

Mulungu anawapatsa ana aamuna awiri. Wamkulu anali wofatsa, wokonda kuimba, anzake n'kumutcha Kagitala. Wamng'ono anali wamtima wapachala, ndipo mayi ake omwe ndiwo anamutcha Tsabola. Atafika kusekondale, anyamatawa ankawerengera m'kachipinda kogwirira ntchito ka bambo awo, pakati pa fungo la guluu ndi polishi, nsapato za anthu zili lendelende pamisomali. Ansapato masamu sankawadziwa, koma ankati, "Tandiphunzitsa. Ndikamva ine, ndiye kuti iwenso wamva." Lamlungu lililonse Misa ikatha, atatuwa ankapita kokayenda: kudutsa pamsika, kuwoloka mlatho, kulambalala galaja ya magalimoto, mpaka pachitunda pamene pali thanki ya madzi. M'njira ankakangana za nyimbo. Tsabola akawamvetsa zimene iye ankakonda, bambowo ankafunsa, "Woimbayu akuimba, kapena akumukwapula?"

Tsoka linabwera Kagitala ali pafupi kulemba mayeso omaliza. Tsiku lina masana akuchokera kokonzekera nyimbo, gitala ili kumsana, anadutsa pagalaja paja. Pamenepo n'kuti batire ya galimoto itasowa. Mwini galaja, munthu wamkulu thupi ndi waukali, anamugwira mnyamatayo pakhosi n'kumukokera mkati. Anaphwanya gitala, anamupondetsa dzanja lamanzere pasimenti, n'kulimenya ndi chitsulo chomasulira matayala kuti aulule. M'mawa mwake zinadziwika kuti batireyo anagulitsa ndi mlamu wake wa mwini galajayo. Nkhani inapita kupolisi, inazungulirazungulira, n'kufera m'maofesi. Munthu uja sanapepese. Anangouza anthu kuti, "Zimachitika."

Madokotala anayesetsa, koma zala zitatu zinapola zitapindika. Kagitala analemba mayeso dzanja lili m'bandeji ndipo anakhoza, koma m'nyumba munalowa zii. Mnyamatayo ankakhala pakhonde n'kumangoyang'ana dzanja lake ngati la munthu wina.

Ansapato anali asanadanepo ndi munthu, choncho udani unawapeza ngati munda wosalimidwa, n'kumera paliponse. Akamakhoma msomali pachidendene cha nsapato ankaona zala za mwini galaja. Mpeni wodulira zikopa ankaunola kawirikawiri, mpaka mkazi wawo anafunsa, "Kodi bambo, mwalandira chikopa cha njovu?" Sanaseke. Popemphera pamodzi, akafika pa mawu onena za kukhululukira otilakwira, iwo ankatseka pakamwa, chifukwa sankafuna kunamiza Mulungu. Anasiyanso kulandira Ukaristia. Wansembe atawaitana, anayankha mosabisa.

"Bambo, ndikufuna munthu uja adzamve kulira kwa mafupa ake. Ndimadzuka nazo, ndimagwira nazo ntchito. Ndimapempha Mulungu kuti aumitse dzanja lake."

"Nanga Mulungu akukuyankhani chiyani?"

"Ali chete. Koma ine sindisiya kubwera pakhomo pake."

Maulendo a Lamlungu sanathe. Mkazi wawo anapempha kuti azidzera njira ina, koma Ansapato anati, "Msewu si wake." Ankadutsa pagalaja paja pang'onopang'ono, maso ali pankhope ya munthu uja, Kagitala atazolika, Tsabola akulavula malovu pansi.

Loweruka lina masana, akufuna kusoka lamba wa chikwama cha Tsabola, anapezamo botolo la petulo ndi machesi. Sanakalipe. Anamuitana mnyamatayo kuti akayende awiriwiri, ndipo anakakhala pakakhoma koyang'anizana ndi galaja. Pafupi ndi chipata panali mayi wogulitsa zipatso, mwana ali kumsana.

"Moto ukauyatsa, udzaufotokozera kuti mayi uyo asapse?" anafunsa bambowo.

"Ndiye tizingokhala? Achimwene sangathe ngakhale kumanga batani la malaya, iye uyo akuseka. Anthu akuti ndinu amantha, bambo. Inenso ndayamba kuvomereza."

Ansapato anapisa m'thumba la jekete, n'kutulutsa mpeni uja, n'kuuika pabondo.

"Uwu ndimayenda nawo Lamlungu lililonse chichitikireni zija. Tikamadutsa pano dzanja langa limakhala pachigwiriro. Iwe ukuganiza kuti ukumuda kuposa ine? Ndinamuona mkulu wako akubadwa, ndinawerenga zala zimenezo chimodzichimodzi. Koma munthu uyu wandilanda kale dzanja la mwana mmodzi. Sindimuwonjezera mwana wathunthu kuti akawolere kundende. Akufuna atimalize, ndiye ndikukaniza. Kubwezera kwanga ndi kumeneko."

Tsabola analira ndi ukali, mano ali gwa. Botolo lija anakalipereka kwa mnansi wawo wa njinga yamoto. Mpeni unabwerera patebulo la ntchito, ndipo sunatulukenso m'nyumba. Koma mtima wa onse awiri sunazizire.

A kwaya anamupezera Kagitala gitala ina. Kwa miyezi inangokhala pakona. Tsiku lina Tsabola, atatopa kuiona, anamasula nsambo zonse n'kuzibwezera mozondoka. "Dzanja lamanja lilipo," anatero, "azikanikiza nsambo ndi limenelo." Bambo awo anadula kachikopa kolimba, n'kukasokerera pakalamba kovala kuchala chachikulu, kuti dzanja lopunduka lija lizikhwatchira nsambo. Poyamba zinkamveka zomvetsa chisoni. Mayi ali kukhitchini ankati, "Tsopano mwanayu wayamba kuimba ngati bambo ake." Chichitikireni tsoka lija, kanali koyamba kuti m'nyumbamo museke anthu onse. Patapita chaka, Kagitala anaimbanso pa Misa. Ansapato anamvetsera ali kumbuyo, misozi ili m'maso, koma pa mawu okhululukira aja anatsekabe pakamwa.

Zaka zinapita. Kagitala anakhala mphunzitsi wa nyimbo, Tsabola anaphunzira zamagetsi, onse anakwatira. Kenako kunamveka kuti mwini galaja wagwa ndi matenda oumitsa ziwalo: mbali imodzi yafa, dzanja lili lende, pakamwa papotoka. Tisabise, chifukwa iwo eni sanabise: Ansapato anasangalala. Tsiku limenelo anadya mpaka kupempha zowonjezera, ndipo ankati mumtima, pemphero langa lafika.

Chisangalalocho sichinakhalitse. Patapita milungu ingapo, mkazi wa mwini galaja anafika pakhomo, nsapato ili m'manja, maso ali pansi. Phazi la mwamuna wake linkakwekwereza, ndipo achipatala anati pafunika nsapato yokhala ndi lamba wogwira kakolo. Osoka ena onse anali atalephera. Ansapato anailandira, n'kuiponya pashelefu. Inakhala pamenepo masiku angapo ikuwayang'ana. Ankadziwa malo amene msomali ungabisale pansi pa chikopa, n'kumaboola phazi losamva ululu mpaka litachita bala losapola. Anauganizira msomali umenewo, anausankha ndithu, n'kuugwira m'manja. Kenako anaubwezera m'chitini, anatenga tepi yoyezera, n'kupita kunyumba kwa mdani wawo.

Anamupeza pampando, atawonda, malovu akutsika pachibwano. Kuti ayeze phazi anayenera kugwada. Anagwada. Phazilo linali lozizira, lolemera ngati la mtembo. Munthu uja anayesa kulankhula, koma mawu sanamveke, ndipo Ansapato sanamuthandize kuwapeza. Anasoka nsapato yabwino kuposa zonse zimene anasokapo, anakamuveka okha, n'kunena mawu amodzi: "Pondani."

Lamlungu lotsatira anaima pamzere wa olandira Ukaristia. Mkazi wawo atawafunsa panjira ngati amukhululukira, anati, "Kumukonda sindikumukonda. Ndangomubweza kwa Mwini wake."

Anakalamba bwino. Ankayenda ndi adzukulu mpaka pamlatho, kenako mpaka pamsika, kenako pachipata pokha. Maso atachita khungu anasiya singano, koma Misa sanaphonye. Atadwala komaliza wansembe anabwera kudzawadzoza, ndipo masana a tsiku lotsatira anapempha kuti awakhazike pampando pafupi ndi zenera, kuti aziwotha dzuwa. Anagona tulo mkazi wawo atawagwira dzanja, osadzukanso.

Pa Misa ya maliro, anthu atalowa kale, panafika njinga ya olumala ikukankhidwa ndi mayi wokalamba. Wokhala panjingapo anali mwini galaja uja. Pakhomo la tchalitchi pali masitepe, ndipo mayiyo sakanatha kuikweza yekha. Amene anaima pakhomopo anali Tsabola, bambo wa imvi zake tsopano. Anthu amene ankadziwa nkhaniyi anagwira mpweya. Tsabola anamuyang'ana munthuyo nthawi yaitali. Kenako anavula jekete, anawerama, n'kumuuza chapansipansi:

"Ine sindinakukhululukireni. Koma lero ndi tsiku la bambo anga."

Ananyamula njingayo ndi munthu yemwe, n'kuikweza mpaka mkati.